Chimene Ndidakanira Kusainira Amalume Anu

Dandaulo langa loyamba ndidalipereka Lolemba loyamba la mwezi wa Meyi, m'chaka changa chomaliza pa ntchito. Ndidalemba pamanja, ndidakalipereka ndekha ku ofesi yoona za antchito, ndipo sindidachoke pawindo mpaka mlembi adadinda chidindo pa kope langa. Lina ndidalipereka mu Ogasiti. Lina ndidapita nalo mu Janyuwale nditapuma kale, ndipo mlonda wa pageti, munthu amene ndidamusoka bala la pamutu ndi manja angawa, adandiuza kuti ndidikire panja ngati wofuna ganyu. Makope onse ali mu fayilo yobiriwira pamwamba pa wadiropu. Yankho palibe, ngakhale la mzere umodzi.

Ana anga, mutu uno ndi wovuta kuposa yonse imene ndalemba m'bukuli. Ndikudziwa zimene mwakhala mukumva kumaliro ndi kumaukwati a kuchimayi. Akuti bambo wanu adafuna kuchotsetsa ntchito mlamu wake, amalume anu a Filipo, chifukwa cha kaduka. Inu simudandifunsepo, mwina pondilemekeza, mwina poopa kuti n'zoona. Ndiye ndikulemba momwe zidayendera. Dzina la kampani sindilemba, mukulidziwa. Koma mutu uno ndiutumizanso kwa eni kampaniyo, chifukwa nkhaniyi sinathe. Amalume anu ali moyo, akuyendetsabe thiraki, ndipo mtima wawo suli bwino.

Zaka zoyamba: Dedza ndi Biwi

Ntchito ndidayambira pa kachipatala kakang'ono m'mapiri a kwathu ku Dedza, ndili mnyamata wongotuluka kumene kusukulu ya zachipatala. Bwana wanga woyamba adali namwino wamkulu, mayi wamfupi wolankhula mofulumira, amene m'mawa uliwonse ankationa zikhadabo ngati ana a pulayimale. Choyezera kuthamanga kwa magazi chidali chimodzi chokha, ndipo kapaipi kake kong'ambika tinkakamanga ndi labala wa njinga. Mapepala akatha tinkalemba mankhwala pa zidutswa za makope a ana asukulu. Odwala athu adali a malungo, otsegula m'mimba, ndi amayi oyembekezera obwera pa ngolo. Za mtima tinkangoziwerenga m'mabuku, ndipo tinkati ndi matenda a anthu olemera a m'tauni. Munthu akagwa m'munda atagwira pachifuwa, abale ankati wamenyedwa hamala ndi mfiti, ife n'kulemba kuti wafika atamwalira kale. Palibe amene ankafunsa zambiri.

Adandisamutsira ku Lilongwe, ndipo ndidapeza nyumba ya lendi ku Biwi. Kumeneko n'kumene ndidadziwana ndi amalume anu. Nthawi imeneyo ankayendetsa minibasi. Tsiku lina adatsitsa anthu onse panjira n'kubwera kuchipatala ndi mayi amene adakomoka m'galimotomo, atamunyamula okha m'manja, akukalipira aliyense woima pakhomo. Tidayamba kucheza kuyambira pamenepo. Iwowa ndi amene adanditengera kwawo ku Ntcheu n'kundionetsa mlongo wawo. Adati, "Uyu ndi wovuta, koma nanunso ndinu ovuta, mukakhala bwino." Mlongoyo ndi mayi anu. Ndalemba izi kuti amene amanena za kaduka adziwe munthu amene akuti ndinkamuchitira kadukayo.

Zaka za ku Kanengo

Inu mutayamba kulowa sekondale ndidachoka m'boma n'kukalowa kampani yonyamula katundu ku Kanengo, monga woyang'anira kiliniki yake. Tidasamukira kuno ku Nsungwi. Amalume anu adali atalowa kale kampaniyo, akuyendetsa mathiraki a ku Joni ndi ku Beira. Kiliniki idali chipinda chimodzi kuseri kwa galaja, ndipo fungo la dizilo linkalowa mpaka m'thonje. Ntchito yaikulu idali fomu yachikasu. Dalaivala aliyense watsopano, kapena wobwerera kuchokera kumatenda, sankaloledwa kugwira chiwongolero ndisanasaine fomuyo. Mawu a pamwamba pa siginecha ankati ndamuyeza munthuyu ndipo ndikutsimikiza kuti angayendetse galimoto yaikulu popanda kuika moyo wake kapena wa ena pachiswe. Mawu amenewo ndinkawawerenga nthawi iliyonse ndisanasaine, ndipo madalaivala ankandiseka kuti ndikuyembekeza kuti tsiku lina ndiwapeza atasintha.

Moyo wa dalaivala wa ulendo wautali ndi woononga thupi. Amakhala pampando masiku, amadya nyama yokazinga ya pa zipata za m'malire yothira mchere wambiri, amamwa zotsekemera kuti asagone. Ambiri magazi awo ankathamanga kwambiri. Ndidapempha makina ojambula kagundidwe ka mtima papepala chaka ndi chaka, ndipo makalata ake ali mu fayilo yofiira. Adagula matayala, adagula mpando wozungulira wa bwana, makina ayi. Amalume anu ndinkawakalipira za mchere nthawi zonse, iwo n'kumandisisita paphewa. "Alamu, inu ndinu dokotala wa panado. Thupi ili ndi la Chingoni, silimva zimenezo."

M'zaka zomaliza kudabwera bwana watsopano woyang'anira maulendo, a Kachere. Adali munthu wovala bwino, wonunkhira, wodziwa nambala ya thiraki iliyonse koma osadziwa dzina la woiyendetsa. Ankangoti, "Wa fifitini uja wafika?" Ine ankanditchula kuti madala, ndipo fomu yachikasu ankaiona ngati rodibuloko ya apolisi yongochedwetsa katundu.

Novembala, chaka chomaliza chisanayambe

Amalume anu adagwa ku Joni, masana, akuyang'anira anthu omanga katundu pa thiraki. Adandiuza pambuyo pake kuti adamva ngati wina wawaika thumba la simenti pachifuwa, thukuta n'kuyamba kutsika ngati athiridwa madzi. Mwayi wawo udali woti adagwera kumeneko. Eni katunduyo adawathamangitsira kuchipatala chachikulu chimene chili ndi zipangizo zotsegulira mitsempha ya mtima, ndipo tsiku lomwelo madokotala adalowetsa kapaipi koonda pamkono, pafupi ndi pomangira wotchi, n'kukafika kumtima. Adapeza kuti mtsempha umodzi waukulu wodyetsa mtima watsekeka ndi magazi oundana. Adautsegula n'kuikamo kachubu kawaya kuti usatsekekenso. Akadagwera pa Chimbiya kapena ku Tete, tikadawaika m'manda chaka chomwecho.

Madokotalawo adawafotokozera zonse m'Chingerezi chothamanga. Amalume anu Chingerezi chawo ndi cha pachipata, chokwanira kukangana ndi oona za msonkho. Pa zonse zimene adauzidwa adagwirapo mawu amodzi, oti njira yatseguka. Kwa dalaivala palibe mawu okoma kuposa amenewo. Njira ikatseguka, umaliza injini n'kumapita. Adabwera pa basi Khirisimasi itayandikira, atawonda, koma akumwetulira, ndipo aliyense wowazonda ku Kawale ankamuuza zomwezo. "Yatseguka, achimwene. Azungu atsegula."

Febuluwale ndi Malichi

Lamulungu lina mu Febuluwale adaima kutsogolo kutchalitchi kwawo n'kupereka umboni. Ine ndidalipo, adatiitana banja lonse. Adanena za thumba la simenti lija, adanena kuti adaona mdima, kenaka adakweza manja n'kunena kuti Mulungu wawachiritsa kotheratu, mitsempha yonse yatseguka, mtima wawo ndi wa mwana. Amayi adaimba nthungululu, abusa adawakumbatira, achinyamata adajambula pa mafoni. Inenso ndidalira, sindikana. Ndine Mkhristu, ndipo kuti munthuyo adabwerako wamoyo ndi chisomo. Koma inu mukudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno. Munthu akapereka umboni pamaso pa mpingo, nkhani ya matendayo yatsekedwa. Wina ukadzati akadali wodwala, ndiye kuti ukutsutsa Mulungu, kapena ukumufunira zoipa ndi pakamwa pako.

Lipoti la kuchipatala adandipatsa okha, mokondwa, kuti ndiike mu fayilo yawo ya ku kiliniki. Lidali la masamba awiri, ndipo mudalibe chobisika chilichonse. Tsamba loyamba linkanena zotsegula mtsempha, kuti zidayenda bwino. Tsamba lachiwiri linkanena za muyeso wina umene adauchita atangotsegula, wa timitsempha ting'onoting'ono ta m'kati mwa mnofu wa mtima, ndipo linkati zotsatira zake sizidali bwino. Pansi pake adalemba kuti wodwalayu aonedwenso ndi dokotala wa mtima asanabwerere ku ntchito. Ndinene poyera kuti muyeso umenewo sindinkaudziwa. Kusukulu kwathu sadatiphunzitse, ndipo kuno sindidauonepo ukuchitika. Choncho ndidawakakamiza amalume anu kuti tipite limodzi kwa dokotala wa mtima kuchipatala chachikulu. Adavomera pongofuna kuti ndiwasiye.

Tidapeza dokotala wamkazi, wachichepere, wotopa ndi mzere wa anthu, koma adawerenga masamba onse awiri osathamanga. Adatifotokozera kuti mtsempha waukulu umaoneka pa chithunzi, koma timitsempha tating'onoto sitioneka, chifukwa n'toonda kuposa tsitsi. Ndiye madokotala a ku Joni adagwiritsa waya woonda wokhala ndi kachoyezera kunsonga, adapopera madzi amchere mumtsemphamo, n'kuona kuti madziwo akudutsa mofulumira kapena akuvutika kulowa m'timitsemphato. Kwa amalume anu ankavutika kwambiri. Timitsempha tambiri tidaonongeka pamene magazi adaima, tina tidatsekeka ndi zinyenyeswa za magazi oundana aja.

Amalume anu adati, "Koma adokotala, anandiuza okha kuti yatseguka."

Dokotalayo adawafunsa kumene amakhala, iwo adati ku Kawale.

"Mvula ikagwa sabata yathunthu, msewu wa tala umakhala bwino, si choncho? Nanga galimoto ya makala imafika pakhomo panu?"

"Imathera pamsika. Tinjira timakhala titakumbika."

"Ndi mmene ulili mtima wanu, bambo. Tala akonza. Koma magazi sakufika bwino m'makomo."

Amalume anu adaseka. "Ndiye palibe vuto, adokotala. Ine ndimayenda pa tala."

Dokotalayo adasekako pang'ono, kenaka adawagoneka n'kuwajambula mtima ndi sikani. Adationetsa mbali ina ya mtima imene inkangogwedezeka mwaulesi pamene mbali zina zinkafinya. Adati sakunena kuti amwalira mawa. Adati anthu awiri angathe kutsegulidwa mtsempha tsiku limodzi, onse n'kutuluka akuyenda, koma amene timitsempha take tidaonongeka ndi amene mtima wake ungayambe kufooka ndi kukula m'miyezi yotsatira, kapena kusokonekera kagundidwe mwadzidzidzi. Muyesowo ntchito yake ndi imeneyo, kusiyanitsa wofunika kumuyang'anira pafupi ndi amene angathe kupita. Adalemba mankhwala, adalemba kuti abwerenso kudzajambulidwa, ndipo adalemba ndi dzanja lake kuti asayendetse galimoto yaikulu mpaka iye atawaonanso. Potuluka ndidawaperekeza amalume anu mpaka pa siteji. Atakwera minibasi ya ku Kawale adatulutsa mutu pawindo n'kunena kuti, "Alamu, zimene tamva umu zithere momwemu."

Epulo

Fomu yachikasu idabwera pa tebulo langa sabata yachiwiri ya Epulo, italembedwa kale dzina la amalume anu, pongotsala siginecha. Ndidaitenga pamodzi ndi lipoti ndi kalata ya dokotala, n'kupita ku ofesi ya a Kachere. Ndidawauza kuti sindisaina, ndipo ndidayamba kufotokoza chifukwa chake. Sadandilole kumaliza. Adatsegula tsamba loyamba n'kuloza ndi cholembera.

"Madala, apa akuti chiyani? Akuti zinayenda bwino. Awa ndi madokotala a ku Joni, osati a kuseri kwa galaja."

"Tembenuzani tsamba, bwana. Olemba tsamba lachiwiri ndi omwewo."

Sadatembenuze. Adatulutsa foni n'kundionetsa kanema wa umboni uja, amene adali atazungulira kale pa gulu la madalaivala. Amalume anu adali pamenepo, manja m'mwamba, nthungululu zikumveka mu ofesi yonse.

"Mwini wake akuti wachira. Abusa ake akuti wachira. Inu ndinu ndani? Simupemphera kodi?"

Ana anga, m'moyo wanga ndatukwanidwapo ndi oledzera ndi odwala misala, koma sindidapsepo mtima ngati tsiku limenelo. Munthu amene sindidamuonepo atanyamula Baibulo adatenga pemphero la mlamu wanga n'kulisandutsa chikalata cha chipatala, chifukwa choti katundu wa ku Beira adaunjikana ndipo madalaivala odziwa njirayo adali ochepa. Ndidawauza kuti thiraki yodzaza ikamatsika pa Chimbiya tsiku la msika, amayi atayala tomato mpaka m'mphepete mwa tala, kanema ameneyo sadzaponda mabuleki. Ndidapempha kuti amalume anu awaike pa yadi, aziphunzitsa madalaivala atsopano kubwerera m'mbuyo ndi ngolo ya thiraki, ntchito imene palibe ankawaposa. A Kachere adati alibe malo a anthu ongokhala. Kenaka adatsitsa mawu n'kunena kuti, "Ndi mlamu wanu ameneyu. Ena amasainira abale awo asanawayeze n'komwe. Inu mukufuna ana ake adye chiyani?"

Ndidabwerera ku kiliniki n'kulemba pa fomupo kuti sali woyenera pakadali pano, aonedwe kaye ndi dokotala wa mtima. Ndidasaina pansi pa mawu amenewo, ndidajambulitsa kope langa, n'kukapereka.

Amalume anu adabwera madzulo omwewo ndisanatseke. Sadakhale pansi.

"Alamu, ndamva mukufuna kundiika pa yadi? Pa yadi pamakhala ogwetsa galimoto. Ine ndinagwetsapo chiyani?"

"Simunagwetsepo kanthu. Ndikufuna zikhale choncho."

"Ndinakupatsani mlongo wanga, inu mukundipatsa chiyani? Azungu atsegula, Mulungu watsegula, dokotala wa panado ndi amene akutseka!"

Mawu a panado aja adali nthabwala yathu kwa zaka zambiri. Tsiku limenelo sadali nthabwala. Kunyumba nkhani idali itandiyambira kale kufika. Mayi anu adandilandira chikwama osandiyang'ana, kenaka adati, "Anthu onse a pa Kanengo mwawasainira. Achimwene anga okha ndiye cholembera chauma?" Ndidawauza kuti ndikadawasainira, tsiku lina iwo omwewo akadadzandifunsa kuti ndidasainiranji. Adakhala masiku ambiri akungondiyankha inde ndi ayi.

Meyi mpaka Disembala

Sabata isanathe amalume anu adali pa ulendo wa ku Beira. A Kachere adawatumiza ku kiliniki ina ya m'tauni, kumene adawayeza kuthamanga kwa magazi, adawamvetsera pachifuwa, adawawerengetsa zilembo za pakhoma, n'kusaina. Kaya woyezayo adaonetsedwa tsamba lachiwiri ndi kalata ya dokotala, sindidziwa, ndipo ndi limodzi mwa mafunso amene ndakhala ndikufunsa. Apa m'pamene ndidalemba dandaulo la mu Meyi. M'malo moyankha, adandichotsa ku kiliniki n'kunditumiza ku malo oimikapo mathiraki athu pafupi ndi chipata cha Dedza, kuti ndizikayang'anira bokosi la mabandeji m'kontena. Adati akufuna munthu wodziwa zambiri kumeneko. Ndidathera chisanu chonse m'kontenamo, ndikupereka panado weniweni tsopano, ndipo thiraki ya amalume anu ikamadutsa ankayang'ana kumbali. Mu Disembala adandipatsa wotchi ya pakhoma ndi kalata yothokoza, n'kundiuza kuti ndakalamba bwino.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kwa miyezi yambiri zinkaoneka ngati a Kachere ndi amene adalondola. Amalume anu ankapita n'kubwera, adanenepanso, ankavina pa maukwati. Achibale ankandiyang'ana cham'mbali n'kumati, "Aja ankati amwalira aja, si awo akuvinawo?" Sindidanenepo kuti amwalira. Ndidanena zimene muyeso udaonetsa, kuti ali m'gulu la anthu amene mtima wawo ungafooke pang'onopang'ono. Koma kufotokozera munthu za chiopsezo pamene wodwalayo akuvina patsogolo pake n'kovuta.

Mwezi uno

Lachisanu lapitali kudabwera mlendo amene sadapondepo pakhomo pano chiyambire nkhaniyi, akazi a amalume anu, mayi a Tadala. Iwowa ndi amene adauza anthu kumaliro ku Ntcheu kuti ndili ndi mtima wa mfiti. Adakhala pa mkeka ndi mayi anu nthawi yaitali akukamba za mitengo ya zinthu, kenaka adatembenukira kwa ine.

"Alamu, munthu akamagona chokhala, chimakhala chiyani?"

Ndidawafunsa kuti ndani, ngakhale ndinkadziwa.

"Bambo a Tadala. Pabedi sakugonapo. Akuti anazolowera mpando wa thiraki, ndiye amagona pa sofa atatsamira. Ife timangowaseka. Koma tsopano nsapato za ku ntchito sizikulowa, akuyendetsera mapatapata. Akuti ndi kunenepa."

Ndidawafunsa za mankhwala. Adati ena adatha kalekale ndipo sadakatengenso. Ndidafunsa ngati adabwererako kwa dokotala wa mtima uja, adapukusa mutu. Mayi anu adandiyang'ana, ndipo sindidafune kuti andiyang'ane choncho. Ndikadakonda ndikadakhala wolakwa, anthu n'kumandiseka mpaka kumanda. Munthu amene sangagone chagada chifukwa chobanika, mapazi n'kumatupa, ndiye kuti mtima ukulephera kupopa ndipo madzi akudzadza m'thupi. Ndi zimene dokotala uja adanena kuti zingachitike.

Loweruka m'mawa ndidakwera minibasi kupita ku Kawale. Ndidawapeza pakhonde akumvera wailesi. Adadzuka kuti andipatse mpando, ndipo pongoyenda kukautenga m'nyumba adabwera akupuma wefuwefu, akuyesa kubisa ndi chifuwa chabodza. Ndidagwada n'kudina chala pamwendo wawo, pamwamba pa kakolo. Chala chidasiya dzenje, ndipo dzenjelo lidakhala. Tonse tidaliyang'ana.

"Mwabwera kudzatenga chikho cha kupambana kwanu, alamu?"

"Ndabwera kuti Lolemba tipite kuchipatala."

"Lachinayi ndili ndi Beira. Ndikapita kuchipatala andigoneka, ndipo yadi yonse idziwa."

"Idziwe."

Adazimitsa wailesi. "Inu mumaona ngati sindikudziwa? Usiku ndimamva ngati ndikumira. Pa Linthipe ulendo wathawu ndinaima, maso anachita mdima, ndinauza anthu kuti ndikuona tayala. Koma ndinaima pamaso pa mpingo wonse, alamu. Ana anga anali pomwepo. Ndibwerere kutsogolo kuja ndikanene kuti pepani, Mulungu anangochiritsa theka?"

Ndidawauza kuti Mulungu amene adawagwetsera pafupi ndi chipatala ndi yemweyo amene adapatsa madokotala nzeru zoyeza timitsempha tija, ndipo tsamba lachiwiri nalonso ndi chisomo. Adamwetulira pang'ono n'kunena kuti ndikadakhala m'busa mpingo wanga ukadakhala wa anthu atatu. Kenaka adanena mawu amene andichititsa kulemba mutu uno sabata ino, osadikira kuti bukuli lithe.

"Ine ndekha sindinganene kuti ndalephera. Pakamwa panga sipangatuluke zimenezo. Koma akandiimitsa iwowo, akati kampani yalamula kuti ndikayezedwe, ndipita. Pamenepo palibe anganene kuti Filipo wakana umboni wake."

Ndidawachonderera mpaka dzuwa lidafika pamutu, mayi a Tadala adalira, koma amalume anu adakana kusuntha pamenepo. Adangovomera kuti ndikawatengere mankhwala amene adatha aja. Mankhwala okha sakwanira. Akufunika sikani, akufunika dokotala, ndipo akufunika kuchoka pa chiwongolero. Ine ndilibenso fomu, ndilibe chidindo, pageti sandilola kulowa. Amene angawaimitse ndi okhawo amene adawabwezera pamsewu.

Choncho, ana anga, mundilole ndisiye kulankhula ndi inu, ndilankhule ndi amene ndikuwatumizira kope la mutu uno.

Kwa eni kampani ndi akuluakulu onse oyang'anira: ine amene ndidayang'anira kiliniki yanu ya ku Kanengo kufikira pamene mudandisamutsa, ndikupempha mwaulemu, koma motsimikiza, kuti mundiyankhe molemba. Mundiuze amene adalamula kuti fomu imene ndidakana ikasainidwe kwina, ndiponso ngati wosainayo adaonetsedwa tsamba lachiwiri la lipoti la ku Joni ndi kalata ya dokotala wa mtima, zimene zonse zili mu fayilo ya dalaivalayo mu ofesi yanu. Za kusamutsidwa kwanga musavutike nazo, ndazisiya. Chimene sindingasiye ndi ichi: ndikupempha kuti a Filipo muwaimitse pa ulendo uliwonse kuyambira lero, muwalembere kalata yowalamula kukaonedwa ndi dokotala wa mtima, ndipo muwasungire ntchito ya pa yadi kufikira dokotalayo atanena. Mwini wake wandiuza kuti lamulo lanu alimvera. Mukapanda kuyankha, makope a zonsezi ndikawapereka ku ofesi ya boma yoona za antchito ndi kwa oona za pamsewu, ndipo sindidzabisa kuti mudauzidwa.

Thiraki yawo inyamuka Lachinayi m'mawa kupita ku Beira. Ndikupempha kuti yankho lanu lindipeze kuno ku Nsungwi isananyamuke.